Nyali ya Mabuleki Ikakana Kuzima Galimoto Itakonzedwa Pakhomo

Nyali yochenjeza za mabuleki imakhala pa dashibodi, pafupi ndi wotchi ya liwiro. M'magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya Chipata nyaliyi ndi yofiira, yojambulidwa ngati kabwalo kokhala ndi mfuwuliro pakati, ndipo m'magalimoto ena imangolemba kuti BRAKE. Imayenera kuyaka munthu akatembenuza kiyi, n'kuzima injini ikalira ndiponso handibuleki ikatsitsidwa. Ikapitiriza kuyaka pamenepo, chilipo chimene sichili m'malo mwake. Ikayamba khalidwe limeneli tsiku lomwe mwini galimoto kapena mnyamata wa pakhomo wasintha mapadi, wamasula kalipa kapena wathira mafuta a mabuleki, vuto limakhala pafupi ndi pamene dzanja linagwira. Sipafunika kusanthula galimoto yonse. Pamafunika kulondola ntchito imene yangogwiridwayo, kuyambira pa bawuti yomaliza kumangidwa kubwerera ku yoyamba kumasulidwa.

Kukonza mabuleki pakhomo si kwachilendo kuno. Ma Corolla, Spacio, Vitz, Allion, Noah ndi Hiace ambiri adabwera atagwira kale ntchito ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pamalire a Nakonde, ndipo eni ake adawagula ndi ndalama zosonkhanitsa movutikira. Mapadi amapezeka m'mashopu a masipeya m'tauni, kanema wosonyeza kaikidwe kake ali pa YouTube, ndiye mnyamata wa nzeru zake amaona kuti ndalama ya makanika ingathe kugula petulo. Maganizo amenewa si oipa, ndipo amakanika ambiri odziwika ku Kapata ndi ku Mchini adayamba ndi kupatsira anzawo sipanala. Ngozi imabwera kumapeto kwa ntchito. Dzuwa lapendeka, manja atopa, mawilo abwerera, koma nyali ikuyakabe, ndipo wokonzayo amayamba kuganiza za mmene angaizimitsire m'malo mofunsa chimene chaiyatsa.

Choyamba n'kudziwa nyali imene ikuyaka, pakuti zilipo zingapo zofanana maonekedwe koma zosiyana uthenga. Yofiira ija imanena za mabuleki enieniwo: handibuleki, kuchuluka kwa mafuta, ndipo m'magalimoto ena mphamvu ya mafuta m'mapaipi. Yachikasu yolembedwa ABS imanena za chipangizo choletsa mawilo kukhwekhwereza munthu akaponda buleki mwadzidzidzi, chimene makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz adachilowetsa m'magalimoto ogulitsa mu 1978. Ikayaka yachikasu yokha, galimoto imaimabe monga ankaimira magalimoto akale, kungoti pa tala wonyowa mawilo angathe kutsetsereka. Zikayaka zonse ziwiri, nkhani yakula, chifukwa kagawidwe ka mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo kangakhale kataleka, ndipo munthu akaponda mwamphamvu kumbuyo kwa galimoto kumatha kutembenuka. Palinso yachitatu, yachikasu, kabwalo kozingidwa ndi timizere toduladula, yopezeka m'magalimoto a ku Ulaya monga BMW, Mercedes-Benz ndi Volkswagen. Iyo imanena za kutha kwa mapadi.

Boneti isanatsegulidwe, phazi liyambe layesa. Galimoto ili chiimire, injini yozima, munthu amaponda pedulo kangapo mpaka italimba, kenako n'kuigwira mwamphamvu kwa theka la mphindi. Pedulo yabwino imaima pamwamba osasuntha. Ikakhala yofewa koma n'kumalimba munthu akapopa, m'mapaipi muli mpweya. Ikamatsika pang'onopang'ono phazi lili pomwepo, mafuta akuthawira kwina, kaya kunja pa mfundo yosamangidwa bwino, kaya m'kati mwa masita silinda momwe malabala atha. Pomaliza, phazi lidakali pa pedulo, amayatsa injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono, ndipo kumeneko ndiko kudziwa kuti busita, imene imawonjezera mphamvu ya phazi, ikuthandiza. Zimene phazi lapeza ndizo zimalamula zonse zotsatira. Pedulo yolimba ndi nyali yoyaka zimapatsa munthu mpata wofufuza modekha. Pedulo yofewa kapena yomira imatanthauza kuti galimoto situluka pageti, ngakhale ulendo wake ukhale wongofika ku Down Shops. M'misewu ya Chipata, patsogolo pa galimoto kawirikawiri pamakhala njinga yonyamula munthu kapena matumba a makala, ndipo wa njingayo alibe chitsulo chomuteteza.

Ongoyamba ntchito amaiwala kanthu kena kakang'ono. Poika mapadi atsopano pisitoni imakankhidwira m'kati mwa kalipa, ndipo imatsala patali ndi padi. Kuponda koyamba kumapita mpaka pansi osagwira kanthu. N'chifukwa chake pedulo imapopedwa galimoto isanasunthe, pang'onopang'ono, mpaka italimba. Popopa sipafunika kuifikitsa pansi penipeni. M'masita silinda yakale, mbali ya kutsogolo kumene pisitoni safikako masiku onse kumakhala dzimbiri ndi zitsotso, ndipo labala ikadutsa pamenepo imang'ambika. Masita silinda ambiri abwinobwino amafa tsiku lokonza mabuleki, ataphedwa ndi wothandiza wa changu. Kathabwa koika pansi pa pedulo kamateteza zimenezi.

Pedulo ikapezeka yolimba, malo oyamba kuyang'ana ndi handibuleki. Pansi pa chogwirira chake pali kaswichi kamene kamazimitsa nyali chogwiriracho chikatsika mpaka kumapeto. M'magalimoto ena, monga ma Noah ambiri, handibuleki ndi yoponda ndi phazi lamanzere, koma kaswichi kake kamagwira ntchito mofanana. Wokonza akasintha ma brake shoe a m'madramu akumbuyo n'kukoka chingwe cha handibuleki mopyola muyeso, kapena chingwecho chikakhala chouma ndi fumbi, chogwirira sichibwerera bwino ndipo kaswichi kamatsala kolumikiza. Kuyesa kwake n'kosavuta: kukanikiza chogwirira pansi ndi dzanja, kapena kukoka yopondayo m'mwamba ndi nsonga ya phazi, n'kuona ngati nyali ikuphethira. Ikaphethira, vuto lapezeka. Komabe pafunika kukweza mawilo akumbuyo n'kuwazungulitsa ndi manja, chifukwa chingwe chokokedwa kwambiri chimasiya ma shoe akukhuza dramu, ndipo dramu lotere limatentha mpaka kununkha galimoto isanafike ku Katete.

Chachiwiri, ndiponso chimene chimapezeka kawirikawiri, ndi kuchuluka kwa mafuta m'kathanki kamene kali pamwamba pa masita silinda. Kathankika kali ndi mizere iwiri, MAX ndi MIN, ndipo m'kati mwake muli kachoyandama kokhala ndi maginito. Mafuta akatsika, kachoyandamako kamatsika nawo n'kulumikiza kaswichi koyatsa nyali. Mmene mafuta amachepera pa tsiku losintha mapadi m'pofunika kumvetsa. Mapadi akamatha, mapisitoni amatuluka pang'onopang'ono, mafuta n'kumatsikira m'makalipa kudzaza malo otsalawo, ndipo mwini galimoto poona kathanki katsika amawonjezera. Tsiku loika mapadi atsopano, mapisitoni akakankhidwa mafuta onse aja amabwerera m'mwamba, kathanki n'kusefukira. Wokonza amapungula ndi jakisoni kapena kansalu, nthawi zambiri mopyola. Akadzapopa pedulo, mafuta amatsikanso, n'kufika pansi pa MIN. Nyali imene imayaka pokhota kapena pokwera mtunda wa ku Kanjala, n'kuzima pamalo athyathyathya, imaloza pomwepa: mafuta ali m'malire ndipo akukhuthukira mbali imodzi.

Nthawi zina mafuta amakhala okwanira koma kachoyandama kamakanirira pansi, makamaka m'kathanki ka mafuta akuda amene sanasinthidwe zaka zambiri. Kugogoda kathanki pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva kumatha kukamasula. M'magalimoto ambiri a Toyota, kuzula pulagi ya sensa ya pa kathanki kumazimitsa nyali ngati sensayo ndiyo ikuiyatsa, pamene m'magalimoto ena a ku Ulaya kuzula pulagiyo ndiko kumayatsa nyali. Kuzula pulagi ndi njira yoyesera chabe. Yankho likapezeka pulagi imabwezedwa, ndipo sensa yakufa imasinthidwa.

Mafuta akawonjezeredwa n'kutsikanso, funso ndi lakuti akupita kuti. Mafuta a mabuleki satha ngati petulo ndipo sapsa ngati oyilo wa injini. Akachepa msanga ndiye kuti akudontha. Wokonza amabwerera pa mfundo iliyonse imene anamasula, wina ataponda pedulo mwamphamvu injini ikulira, iye akuyang'ana ndi tochi. Pa bawuti yolumikiza paipi ya labala ndi kalipa pamakhala mawashala awiri a kopa, imodzi mbali iyi ina mbali inayo. Mawashala amenewa amaphwatalala akamangidwa koyamba, ndipo akale akabwezedwa kawirikawiri amachucha. Nipo yotulutsira mpweya ingakhale yosamangitsa. Paipi ya labala ingakhale yopotoka, kapena yong'aluka m'kati chifukwa kalipa inasiyidwa ikulendewera pa iyo m'malo moimangirira ndi waya ku sipuling'i. M'madramu, timasilinda ta mawilo timachucha mobisa, ndipo munthu amadziwa pokhapokha atafunyulula labala yotchinga fumbi n'kupeza monyowa. Tayala lonyowa m'kati ndi chizindikiro china. Masita silinda imathanso kudonthera m'busita osaonetsa kanthu pansi, kupatula penti yosupuka pamene ziwirizi zalumikizana. M'magalimoto ena a magiya a manja, kilatchi imamwa m'kathanki komweko, kotero kudontha kwa ku kilatchi kumayatsa nyali ya mabuleki. Pa kufufuza konseku galimoto imakhala pa zitsulo zoimikira, osati pa jeke yekha kapena pa njerwa zosanjikiza, zimene zimaphwanyika mosachenjeza.

Mpweya m'mapaipi ndi nkhani ya payokha. Mafuta sapanikizika, n'chifukwa chake mphamvu ya phazi imafika ku mawilo yonse. Mpweya umapanikizika, ndipo kathovu kamodzi kamameza mbali ya mphamvuyo. Paliponse pamene paipi yamasulidwa, kapena kathanki kaphwa, mabuleki amayenera kubulidwa. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri omvana: wa m'kati amapopa n'kugwira, wa pansi amatsegula nipo, mafuta n'kutuluka kudzera m'kapaipi koonekera kolowa m'botolo, ndipo amatseka nipo wa m'kati asanachotse phazi. Phazi likachoka nipo ili yotsegula, mpweya umabwerera momwemo. Mwambo wake ndi kuyamba ndi wilo la kutali ndi masita silinda n'kumayandikira, ndipo m'magalimoto a chiwongolero cha kumanja, monga a ku Zambia ndi ku Malawi, limeneli kawirikawiri limakhala la kumbuyo kumanzere. Magalimoto ena ali ndi ndondomeko yawoyawo yolembedwa m'buku la opanga, ndipo pamenepo buku ndilo limapambana mwambo. Kathanki kamawonjezeredwa pakatipakati, chifukwa kakaphwa ntchito yonse imayambiranso.

Pali cholakwa china chimene chimazunguza ngakhale anthu ozolowera. Makalipa awiri akutsogolo amafanana kwambiri, ndipo ya kumanzere imalowa bwinobwino kumanja. Zikasinthana chonchi nipo imakhala pansi, pamene mpweya umakwera m'mwamba, ndiye munthu angabulide mpaka botolo la mafuta kutha pedulo osalimba. Nipo iyenera kukhala pamwamba pa kalipa nthawi zonse. Ngati mpweya walowa m'bokosi la ABS, kubulida kwa phazi sikumautulutsa wonse, ndipo magalimoto ambiri amafuna sikana yolumikiza ku kompyuta ya galimoto kuti itsegule timavavu ta m'katimo. Ma hybrid monga Prius ndi Aqua ali ndi pampu ya magetsi yosunga mafuta pa mphamvu yaikulu. Amenewa sabulidwa mwa mwambo wakale, ndipo mnyamata wopanda chipangizo chake ndi bwino asayambe n'komwe. Chimodzimodzi magalimoto atsopano a handibuleki ya batani: pisitoni ya kumbuyo ili ndi kamota, ndipo kuikankha mokakamiza kumathyola zinthu za mtengo wapatali.

Magalimoto akale ali ndi chinthu china choyatsa nyali yofiira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 opanga magalimoto adagawa mapaipi a mabuleki pawiri, kuti mbali imodzi ikaphulika inayo iimitsebe galimoto. M'magalimoto ena a nthawi imeneyo, monga ma Land Rover akale amene akuonekabe cha ku Mfuwe, pakati pa mbali ziwirizo pali kavavu kokhala ndi kapisitoni. Mphamvu ikachepa mbali imodzi kapisitoniko kamasunthira komweko n'kuyatsa nyali. Pobulida, kutsegula nipo kumachepetsa mphamvu mbali imodzi mwadala, ndipo kapisitoni kamatha kutsalira kumbali ntchito itatha. Kamabwezedwa pakati potsegula pang'ono nipo ya mbali inayo, wina akuponda pedulo mwapang'onopang'ono mpaka nyali itazima, nipo n'kutsekedwa nthawi yomweyo.

Si nthawi zonse pamene nyali yofiira imanena za mapaipi. M'magalimoto ambiri a Toyota, alternator ikaleka kutchaja kapena lamba wake akaduka, nyali ya batire ndi ya mabuleki zimayakira limodzi. Woona ziwirizi pamodzi ayambe wayeza batire: injini ikulira liyenera kuonetsa mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5. Magalimoto a dizilo monga Hilux, Land Cruiser ndi Canter amadalira pampu yokoka mpweya kuti busita igwire ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi swichi yochenjeza mphamvu yokokayo ikachepa. Paipi ya ku busita ikagwedezeka pa nthawi ya ntchito, nyali imayaka ndipo pedulo imauma gwa, yosafuna kutsika, galimoto n'kumavuta kuimitsa.

Nyali ya ABS ikayaka pambuyo pa ntchito ya pakhomo, pafupifupi nthawi zonse mlandu uli pa wilo limene linamasulidwa. M'magalimoto ambiri wilo lililonse lili ndi sensa yowerenga liwiro lake pa kamkombero ka mano kapena ka maginito kozungulira ndi wilolo. Waya wa sensa ndi wochepa, umadutsa pafupi ndi kalipa, ndipo umakokeka, kupanidwa kapena kuiwalika wosalumikiza. Ukasiyidwa kunja kwa timakilipi take, tayala limaukhula mpaka kuduka patapita masiku. Nsonga ya sensa imakoka tizitsulo tophwanyika, ndipo matope a m'misewu ya ku Chadiza ndi Vubwi m'nyengo ya mvula amadzaza mano a kamkombero. Kupukuta ndi kansalu n'kukhazika sensa bwino pamalo pake kumathetsa milandu yambiri. Nthawi yake yoyakira imathandiza kulondola: ikayaka galimoto isanasunthe, kawirikawiri ndi waya, pulagi kapena fyuzi, ikayaka galimoto itayamba kuyenda, sensa ikulephera kuwerenga. Amene wasintha bering'i ya wilo akumbukire kuti mabering'i ena ali ndi maginito mbali imodzi yokha, ndipo ikalowetsedwa chotembenuza sensa siona kanthu. Pamenepo palibe njira ina koma kugula ina, pakuti bering'i ikatulutsidwa ndi puresi imawonongeka.

Kompyuta ya ABS imasunga nambala ya vuto, ndipo nambalayo imawerengedwa kudzera pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa chiwongolero. Tizipangizo totchipa tolumikiza ku foni kawirikawiri timawerenga za injini zokha, ndiye tikanena kuti palibe vuto sitinanene kanthu za mabuleki. M'magalimoto ambiri a Toyota manambala 31, 32, 33 ndi 34 amaloza sensa ya kutsogolo kumanja, kutsogolo kumanzere, kumbuyo kumanja ndi kumbuyo kumanzere. Amakanika akale amawawerenga polumikiza mabowo awiri a soketiyo ndi kawaya n'kuwerenga kuphethira kwa nyali, koma limodzi mwa mabowowo limanyamula moto wa batire nthawi zonse, ndipo wolasa bowo lolakwika amawotcha kompyuta. Safunsa adadya phula. Nambala nayonso imangoloza mbali yoyang'ana. Sinena kuti sensa yafa, ndipo wogula sensa yatsopano asanayeze waya nthawi zambiri amabwerera kushopu kachiwiri.

Za magalimoto a ku Ulaya n'zachidule. Sensa ya kutha kwa mapadi ndi kawaya kolowa m'padi, kamene kamadyeka padi likatha. Kakadyeka kamasinthidwa pamodzi ndi mapadi, ndipo magalimoto ena amafuna kuti nyali ifufutidwe pa dashibodi kapena ndi sikana. Magalimoto ambiri a ku Japan alibe kawayaka; ali ndi kachitsulo kolira tswii padi likatsala pang'ono.

Mafuta othira m'kathanki amalembedwa pa chitsekerero chake, ndipo kwa magalimoto ambiri ndi DOT 3 kapena DOT 4. Mitundu iwiriyi imasakanizika, koma DOT 5 ndi ya mtundu wina ndipo sisakanizidwa nayo. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 3 yatsopano siwira isanafike madigiri 205, koma itamwa madzi osakwana magawo 4 pa 100 alionse ingawire pa 140. DOT 4 imatsika kuchoka pa 230 kufika pa 155. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka 2 zilizonse, ndipo botolo lotsegula limene lagona pawindo dzinja lonse silikhalanso lodalirika. Manambalawa amamveka bwino pa mitsetse. Msewu wa Great East wochoka ku Chipata kupita ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550, umadutsa m'mapiri a Kacholola ndi Manenekela mbali zonse za mlatho wa Luangwa, ndipo msewu wa ku Mfuwe umatsikira m'chigwa chotentha kwambiri mu Okutobala. Canter yodzaza chimanga, mtedza kapena thonje ikatsika malo otere dalaivala atagoneka phazi pa buleki, kutentha kumafika m'mafuta, madzi a m'katimo amasanduka nthunzi, ndipo pedulo imapita pansi. Nyali singayake n'komwe, chifukwa kathanki kamakhala kodzaza. Mtsetse wautali umatsikidwa ndi giya yaing'ono, injini ikugwira galimoto, buleki ikungothandiza.

Njira zachidule zimene zimamveka m'mabwalo a mataxi ndi m'mphepete mwa msewu ziyenera kutchulidwa poyera. Kuthira madzi a sopo m'kathanki kumalimbitsa pedulo kwa kanthawi, koma madzi amawira pa madigiri 100 ndipo amadyetsa dzimbiri masilinda ndi bokosi la ABS. Oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena wa chiwongolero amatupitsa malabala onse, ndipo akalowa ngakhale pang'ono, chilichonse chokhala ndi labala chimayenera kusinthidwa. Kutseka paipi yodontha ndi msomali kapena kuiphwanya ndi pulayasi kumasiya galimoto ikuima ndi mawilo atatu, ndipo poponda mwadzidzidzi imakokera mbali imodzi, mwina mbali ya galimoto yobwera kutsogolo. Choipa koposa ndi kuzula babu la nyali, kulimata ndi tepi wakuda kapena kusiya pulagi ya sensa ili yozula. Kutero kuli ngati kumanga pakamwa galu wouwa usiku kuti anthu agone bwino. Wochita zimenezi amadziwa yekha chimene wabisa, koma galimoto imabwerekedwa, imagulitsidwa, imanyamula anthu a ku maliro kapena opita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo woyendetsa tsiku limenelo amakhulupirira dashibodi yopanda nyali. Pa chifukwa chomwechi, wogula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito atembenuze kiyi osaliza injini n'kuona ngati nyali ya mabuleki ndi ya ABS zikuyaka. Nyali yosayaka pa nthawi imeneyi ndi yokayikitsa kuposa yokana kuzima.

Nyali ikazima ndipo pedulo ili yolimba, ntchito imayesedwa pamalo opanda anthu, osati pamsewu wa ku Mwami pakati pa malole. Manati a mawilo amayamba atsimikiziridwa. Galimoto imayendetsedwa pa liwiro la munthu woyenda pansi n'kuimitsidwa, kenako pa makilomita 20 pa ola, kenako 40, woyendetsa akumvetsera ngati ikukokera mbali, ikunjenjemera kapena ikulira. Mapadi atsopano sagwira mokwanira mpaka atakhazikika pa disiki, choncho amazolowezedwa ndi kuima kofatsa kobwerezabwereza, osati kuponda kamodzi kwa ukali. Kusamala ndi liwiro kuli ndi chifukwa chake: galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pobwerera, dzanja limayandikizidwa ku wilo lililonse osakhudza disiki. Wilo lotentha kuposa anzake likugwira, kaya chifukwa cha timabawuti totsetserekera ta kalipa touma, kaya pisitoni yosabwerera.

Pali pamene ntchito ya pakhomo imathera. Pedulo ikakana kulimba itabulidwa kawiri, ikamamira popanda kudontha koonekera, nyali yofiira ndi ya ABS zikayakira limodzi, kapena paipi yachitsulo ikapezeka yodyeka, galimoto ikufuna makanika wophunzira ntchito, monga amene amatuluka ku Chipata Trades Training Institute, wokhala ndi sikana yowerenga ABS. Makanikayo amaitanidwa pakhomo, kapena galimoto imanyamulidwa. Siyendetsedwa kupita kugalaja ndi chiyembekezo cha handibuleki. Wokonza woyamba amafotokoza zonse mosabisa: chimene anamasula, mafuta amene anathira, ngati kathanki kanaphwa, ngati pedulo inafika pansi. Manyazi a mnyamata pa nthawi imeneyi amadya ndalama, chifukwa makanika wosauzidwa amayamba kusintha zinthu mongoyerekeza. Bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002, limayesa mabuleki lisanapereke chiphaso cha fitinesi, koma chiphasocho chimanena za tsiku loyesalo, osati za bawuti imene yamasulidwa mwezi wotsatira.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, ntchito ya mabuleki imalondoledwa kwa masiku angapo. Wokonza amalemba kamzere pa kathanki pamene mafuta alekeza, galimoto itaima pamalo athyathyathya, n'kuyang'ananso m'mawa mwake ndiponso pakatha sabata. Amaunikanso mfundo zimene anamasula ndi m'kati mwa matayala, n'kutsimikiziranso manati a mawilo galimoto itayenda makilomita pafupifupi 50. Mafuta otsika pang'onopang'ono pa miyezi yambiri akutsatira kutha kwa mapadi, ndipo pamenepo choyang'ana ndi mapadiwo, amene ndi bwino kuwasintha akatsala mamilimita 3. Mafuta otsika pa masiku ochepa akudontha, ndipo galimoto imabwerera pa zitsulo zoimikira mpaka malo odonthawo atapezeka.